Dandaulo Lachitatu

Kapichi, Thyolo
3 Juni 2024

Wokondedwa mchemwali wanga Tamanda,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Lilongwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Amayi akudzuka ndithu, koma mapazi aja akutupabe, moti kutchalitchi akumapita ndi mapatapata, lina lobiriwira lina lofiira. Chiperoni chayamba msanga chaka chino. Ndalemba papepala n'kujambula monga mwa masiku onse, chifukwa zala zimene zinalemba makilo a tiyi zaka khumi ndi zinayi sizigwirizana ndi timabatani ta foni.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mlongo wako salinso lova. Chichokereni pa sikelo ya ku esiteti, pamene anabweretsa makina oyeza okha n'kutiuza ife makalaliki kuti tikapume, ndayesa zambiri zimene mathero ake ukuwadziwa, kuphatikizapo banja. Munthu wa zaka makumi anayi kubwerera kudzagona m'kanyumba ka kuseri kwa amayi ake si nkhani yolembera kalata. Koma tsopano ndine kontirakitala. Liwu limeneli uliwerenge pang'onopang'ono, chifukwa ndilo gawo lalikulu la malipiro anga.

Kampani yake ndi Fikani, ya ku Limbe, yonyamula maphukusi. Amawatumiza pa minibasi kufika pa Boma, ine n'kukawatenga ndi njinga yamoto ija unandithandiza kugula, n'kuwagawa ku Kapichi kuno, ku Chimaliro, mpaka kwa Mphuka. Tsiku losaina, a Crispin, supavaiza wathu, anandigwira paphewa nati, "Bambo Namakhwa, inu si wantchito wathu ayi. Ndinu bwana pa inu nokha." Ndinatuluka mu ofesi muja ndikuyenda ngati manijala wa fakitale. Ndinadzazindikira ndili pomwetsera mafuta kuti bwana amagula yekha petulo, mayunitsi, matayala ndi mankhwala a msana.

Malipiro ndi K1,000 pa phukusi lililonse lofika. Lita imodzi ya petulo imadya maphukusi awiri ndi theka. Phukusi likabwerera chifukwa mwini wake sanapezeke sindilandira kanthu, ngakhale nditakwera mapiri awiri kumufuna. Tsono taganiza maadiresi a kwathu kuno. Lina la dzulo linalembedwa kuti, "Kwa a Bashir, pafupi ndi tiyi." Pafupi ndi tiyi, m'Thyolo muno!

Apa m'pamene sukulu inandithandiza. Kampani imangofuna chithunzi cha dzanja likulandira phukusi, sifunsa kuti dzanjalo ndi la yani. Ndiye ndinapangana ndi a Asumani, a golosale ya pamsika paja. Phukusi lililonse limene mwini wake ali kutali kapena sindikumudziwa ndimalisiya kwa iwo. Iwo amatambasula dzanja, ine ndimajambula, kompyuta ya ku Limbe imakondwa. Mwini katundu akamva amabwera kudzatenga, ndipo sachoka osagulako sopo. Palibe woluza. Dzanja la a Asumani likudziwika pa kampani ponse kuposa nkhope yanga.

Chovuta n'chimodzi. Lamulo lawo ndi lakuti madandaulo akakwana atatu kontirakiti yatha, popanda kukhala pansi. Ine ndili nawo kale awiri. Loyamba linali la keke ya ukwati imene inafika kwa Mphuka itasanduka phala. Lachiwiri linali la mabuku a aphunzitsi ena amene ananyowa ndi chiperoni mpaka masamba kumatana. Choncho masiku ano ndikupatsa moni ngakhale agalu a makasitomala.

Tayala lakumbuyo latha, mawaya ayamba kusuzumira. Ngati alamu atopa kuwerenga asiyire pano, iwe upitirize wekha: ndithandize ndi kangachepe.

Ine mlongo wako,
Jonas


Area 25, Lilongwe
13 Juni 2024

Achimwene,

Moni nonse kumeneko. Ife tili bwino kupatula chimfine cha ana. Kalata yanu ndinailandira, ndipo alamu anu anaiwerenga mpaka kumapeto. Za tayala akuti bwana amagula yekha, munalemba nokha.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira kumva kaye kwa amayi. Pa 4 Juni ndinawatumizira phukusi. Muli nsapato zofewa za anthu otupa mapazi, zimene ndinachita kuitanitsa kwa mayi wina wopita ku Joni, ndi juzi imodzi. Sindinakuuzeni, ndipo musakwiye. Bulangete lija ndinatumiza m'dzina lanu chaka chatha linafika kwa amayi mu Seputembala, litayamba lafunditsa inu nyengo yonse yozizira. Komanso nditawerenga za dzanja la a Asumani ndinati ayi, katundu wanga sakwera Fikani.

Ndinapita ku Mphenzi Ekisipuresi, kampani yaikulu ija ya magalimoto achikasu. Ofesi ya magalasi, mipando yofewa, mtsikana wa pakauntala wovala yunifomu. Ndinalipira K12,000. Anandilonjeza masiku atatu, mpaka pakhomo, m'manja mwa mwini wake. Poti amayi alibe foni ndinalemba nambala ya a Alesi oyandikana nafe aja.

Pa 7 Juni uthenga unalowa kuti katundu wafika ndipo walandira ndi mwini wake. Ndinaimbira a Alesi, iwo n'kuwapatsa amayi foni. Ndikuti, "Amayi, nsapato zakwana?" Akuti, "Nsapato zanji?" Ndinakhala pansi. Mawa ikwana sabata.

Ku ofesi ya Mphenzi ndapitako kawiri. Akuti kompyuta ikuonetsa kuti zinafika, ndipo ngati ndikutsutsana ndi kompyuta ndilembe kalata ya dandaulo. Achimwene, inu ndi amene munapita patali ndi sukulu, ndipo ntchito imeneyi mukuidziwa. Mufufuze kuti wa Mphenzi amene amayenda kumeneko ndani. Kenako mundilembere kalatayo m'Chingerezi chija munkalembera amanijala a ku esiteti, ine ndidzangokopera n'kusaina. Mukatero za tayala tidzakambirana.

Muwapatse moni amayi.

Mchemwali wanu,
Tamanda


Kapichi, Thyolo
16 Juni 2024

Tamanda,

Moni kwa iwe ndi alamu, ngakhale alamuwo awerenga zimene sizinali zawo. Za bulangete sindiyankha zambiri. Sindikanawapatsa amayi chinthu chosayesedwa.

Zoti unathawa kampani yanga zinandibaya pang'ono, koma nditamva zimene akuchitira a magalasiwo ndinachira. Ndafufuza monga unanenera. Pa Boma ndafunsa a kabaza, oitanira minibasi ndi amayi ogulitsa nthochi. Palibe amene anaonapo galimoto yachikasu ya Mphenzi ikukhota kulowera kuno. Ndinapitanso kwa a Asumani, poganiza kuti mwina wina wandibera nzeru. Pa shelefu pali maphukusi khumi ndi asanu ndi awiri, onse anga, onse a sitika yobiriwira ya Fikani. Ndinawerenga maina limodzilimodzi. La Teleza Namakhwa palibe.

Choncho chigamulo changa n'chakuti munthu ameneyu ndi wakuba, ndipo nsapato za amayi zili kale pa kaunjika ku Limbe. Zandipweteka pawiri, ngati mwana komanso ngati munthu wa ntchito yomweyi. Ine ndikasiya katundu ndimasiya pamalo odziwika, pali denga, kwa munthu wopemphera kasanu pa tsiku. Anthu ngati uyu ndi amene amatinyozetsa ife makontirakitala enieni.

Kalata ndalemba, chithunzi chake chili pambuyo pa ino. Inanditengera Loweruka lonse ndi dikishonale ija ya chikuto chong'ambika. Sindikudzitama, koma chilembereni mayeso a Fomu 4 sindinalembepo Chingerezi chotere. Amayi ndinawamasulira ndime ziwiri. Ina ikuti, "Munthu wonama kuti wapereka katundu kwa mayi wokalamba, wodwala mapazi, amene anathyola tiyi zaka makumi atatu, mwina alibe mayi wake, mwina alibe manyazi." Yomaliza ikuti, "Sitikufuna chipepeso. Tikupempha kuti munthuyu achotsedwe ntchito lero lomwe, kuti anzake atengerepo phunziro."

Amayi anamvetsera akusenda kalongonda. Nditamaliza anati, "Iwe Jonas, ameneyo ndi mwana wa ena. Mwina ali ndi ana. Bwanji osangofunsa kumene anasiya?" Ndinawauza kuti chisoni choterocho ndi chimene chaononga dziko lino.

Ukopere bwino, usasinthe liwu ngakhale limodzi. Pamwamba ulembe nambala ya pa lisiti lako kuti asathawire kunena kuti sakulidziwa phukusilo. Ukapereke mawa lomwe, ndipo uonetsetse kuti adindapo chidindo iwe uli pomwepo. Anthu amenewa ndimawadziwa.

Tayala likupereka moni.

Mlongo wako,
Jonas


Kapichi, Thyolo
21 Juni 2024

Achemwali anga olemekezeka, mayi Tamanda,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino, inu ndi alamu anga okondedwa, munthu wanzeru amene ndakhala ndikumulemekeza kuyambira kale. Nkhani yabwino ndi yakuti nsapato zapezeka ndipo amayi avala. Nkhani inayo muimve mutakhala pansi.

Dzulo a Crispin anandiitanitsa ku Limbe. Ndinapita ndikuganiza kuti mwina akweza malipiro. Anandiloza mpando, natulutsa pepala m'kabati.

"Bambo Namakhwa, Chingerezi mumachimva?"

"Pang'ono, bwana."

"Tawerengani ichi. Chachokera ku Mphenzi."

Nditaona mzere woyamba ndinamva ngati ndakumana ndi mwana wanga ku polisi. Munakopera bwino, achemwali. Simunasinthe liwu ngakhale limodzi.

Ndinafunsa ndi mawu aang'ono kuti kalata ya Mphenzi ikutani pa tebulo la Fikani. A Crispin anaseka. "Mumayesa magalimoto achikasu aja angakwere mapiri a kwanu? Amathera pa Limbe pano. Katundu yense wa ku Thyolo amatipatsa ife, ife timamata sitika yathu pamwamba pa yawo, basi. Ndipo si Mphenzi yokha, alipo makampani atatu. Onsewo ku Kapichi amafika pa njinga yanu."

Ndiye kuti munthu amene ndinamufuna pa Boma ponse, kufunsa mpaka ogulitsa nthochi, ndimameta ndevu zake m'mawa uliwonse.

A Crispin anawerenganso ndime yomaliza mokweza, akugwedeza mutu. "Koma amene analemba ichi ndi wophunzira. Tikanakhala ndi anthu otere pa kampani pano bwenzi tili patali." Sindinadziwe ngati ndithokoze.

Kuchoka apo ndinathamangira kwa a Asumani ndi nambala ya pa lisiti ija ndinakuuzani ndekha kuti mulembe. Ndinakanda sitika yobiriwira ndi chikhadabo, pansi pake panatuluka yachikasu. Phukusi lake ndinalikumbuka bwino. Linalembedwa kuti, "Esnat Mukhwapa, nyumba ya malata kuseri kwa tchalitchi, pa mtengo waukulu wa mapeyala." Pa 7 Juni ndinaliyang'ana, dzina sindinalidziwe, mtengo waukulu wa mapeyala kuseri kwa tchalitchi kulibe. Lamulo limati tiimbire mwini katundu katatu, koma mayunitsi ndi anga, ndiye ndinangofulasha kamodzi. Palibe anabweza. A Asumani anatambasula dzanja. Kenako ndinapita kunyumba ya malata kuseri kwa tchalitchi kukadya chinangwa, ndipo ndagona pamenepo masiku khumi ndi atatu, sabata yomalizayi ndikutukwana wakuba.

Nditafika nalo kunyumba ndinafunsa amayi kuti Esnat Mukhwapa ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mvula imachokera kuti. Akuti, "Ndine. Ndilo lili pa chiphaso." Zaka makumi anayi ndi ziwiri ndili mwana wawo. Inu munalidziwa chifukwa munayendetsa mapepala a penshoni, ndipo a Mphenzi amafuna dzina la pa chiphaso. Sindikukudzudzulani. Ndikungoti mtengo wa mapeyala uja unagwa ndi namondwe wa chaka chatha, tinawotchera njerwa.

Tsopano nkhani ili apa. Ili ndi dandaulo lachitatu. A Crispin akuti kontirakiti yanga itha pa 30 Juni, pokhapokha wodandaulayo atalemba kalata ina yochotsa dandaulo lake, kudzera ku Mphenzi komwe anaperekera loyamba. Ine sindingalichotse, ngakhale mawu onse ndi anga. Siginecha ndi yanu.

Pa K12,000 imene munalipira ine ndinalandirapo K1,000. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni, ngakhale mutandimvera sindikana. Ntchito ina kuno kulibe. Ku esiteti nyengo ino akuchotsa anthu, sakulemba. Ndikupemphani, pitani ku ofesi ya magalasi ija. Ngati mukufuna ndikulembereni kalatayo nenani, koma ndimvetsa mukakana.

Ine wanu wochimwa,
Jonas


Kapichi
27 Juni 2024

Mwana wanga Tamanda,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi a Alesi, chifukwa Jonas akalemba amaonjezera mchere. Uli bwanji ndi bambo a ana? Adzukulu anga achira chimfine? Ine ndilipo.

Nsapato zandikwana. Lamulungu ndinavala, ndinayenda mpaka kutchalitchi osapumira panjira. Amayi anzanga amangoyang'ana pansi. Juzi nayonso ndi yabwino koma manja ndi aatali, ndapinda. Zikomo mwana wanga, Mulungu abwezere pamene wachotsa.

Tsopano ndimve. Masiku asanu ndi limodzi mlongo wako akungoyang'ana foni ngati nkhuku yoona kabawi, iwe uli chete. Chakudya akungotola pang'ono. Munthu uja ndi wopusa mwa nzeru, anatengera bambo ake, koma si wakuba.

Za dzina usamuimbe mlandu kwambiri. Esnat anali mkulu wanga. Iye ndiye analembedwa ku esiteti. Atakwatiwa n'kubwerera ku Mozambiki, kapitawo anati nambala isafe, ndiye ine ndinangolowa ndi dengu lake ndi dzina lake. Nthawi imeneyo ambiri tinkatero. Ndayankha "Esnat" pa sikelo zaka makumi atatu, koma pakhomo sindinalibweretse, linali la kuntchito ngati dengu lomwe. A ziphaso atabwera anangokopera pa khadi la esiteti. Jonas anakalembedwa ukalaliki ku divishoni ina, ine nditasiya kale. Nanga mwana amafunsa mayi ake kuti dzina lanu ndani?

Iwenso ndikuuze. Unalemba za mtengo wa mapeyala. Ukanabwera chaka chatha kapena chino ukanaona chitsa. Sindikudandaula, ndikudziwa thiransipoti yakwera. Koma wina sadziwa dzina langa, wina sadziwa pakhomo panga, ndipo nonse ndinu ophunzira.

Kuyambira Lolemba Jonas wakatenga maphukusi onse anatsala kwa a Asumani, akuyenda nawo khomo ndi khomo ndi petulo wake, popanda womulipira poti kompyuta inati anafika kale. Dzana anabwera matope mpaka m'mawondo. Akuti lina linali la mankhwala a shuga a bambo wina wa ku Chimaliro, linakhala pa shelefu milungu iwiri. Atanena zimenezo sanaseke, ndipo ukumudziwa Jonas kuti amaseka ngakhale pa maliro.

Pita ukachotse kalata ija. Ntchito ikatha adzakhala pakhomo pano tsiku lonse akundifotokozera za dziko. Undimvere chisoni ine.

Mayi ako,
Teleza

Ndaonjezera ine Alesi. Foni ija inaliradi kamodzi tsiku limenelo, ndinaiona. Koma nambala yachilendo yongofulasha ine sindibweza, mayunitsi anadula. Ndikanadziwa kuti ndi a Jonas ndikanangokuwa pa mpanda.


Area 25, Lilongwe
28 Juni 2024

Achimwene,

Moni. "Achemwali olemekezeka" aja muwasunge, mudzawafuna tsiku lina. Ine ndine Tamanda yemwe uja.

Ndinakhala chete chifukwa ndikanayankha tsiku lomwelo bwenzi pano tisakulankhulana. Alamu anu anaseka mpaka kutsamwa, akuti kalata ija aiika mu fulemu. Ine sindinaseke. Nsapato ndi nsapato, zapezeka. Chimene chinandikhala pamtima ndi maphukusi ena aja khumi ndi asanu ndi limodzi. Aliyense wa iwo ali ndi Tamanda wake kwinakwake amene analandira uthenga woti katundu wafika, n'kugona mtima uli m'malo. Inu munakwiya chifukwa anali amayi anu. Akanakhala amayi a wina bwenzi mukundilembera kuti sukulu inakuthandizani.

Koma nanenso ndawerengera. Ndinalipira K12,000 kuti ndikuzembeni, ndipo ndalamayo inagula magalasi, mipando ndi yunifomu, inu n'kutsala ndi ya petulo wosakwana theka la lita. Ndikanakutumizirani inu theka lake bwenzi mutanyamula phukusilo pamutu mukuimba nyimbo. Za mtengo wa mapeyala amayi andilasa.

Lero m'mawa ndapita ku Mphenzi ndi kalata yochotsa dandaulo. Ndalemba ndekha, mizere inayi, m'Chichewa. Mtsikana uja anadabwa, akuti chiyambireni ntchito sanaonepo munthu akuchotsa dandaulo, ndipo sakudziwa kuti pepala lotere limalowa mu fayilo iti. Anakafunsa mkati. Akuti liyenera kusainidwa ndi amanijala, amene ali ku msonkhano mpaka sabata ya mawa. Ndinawauza kuti munthu ntchito imuthera Lamulungu. Akuti ndisadandaule, iwo ndi Mphenzi, zinthu zawo sizichedwa. Chidindo adinda ine ndili pomwepo.

Muwaonetse a Crispin chithunzi cha kalatayi, mwina angamve. Ndatumiza theka la ndalama ya tayala pa foni yanu. Theka linalo mufunse bwana wanu uja, Jonas Namakhwa.

Amayi muwauze kuti ndibwera mu Ogasiti ana akatsekera.

Tamanda


Kapichi, Thyolo
22 Julaye 2024

Tamanda,

Moni kwa nonse. Amayi ali bwino ndipo akuwerenga masiku a Ogasiti. Ndalama ya tayala ndinalandira, zikomo. Pepa kuti ndakhala chete milungu itatu. Ndimadikira kuti nkhani ikhale ndi mutu ndi miyendo.

Chithunzi cha kalata yako ndinawaonetsa a Crispin tsiku lomwelo. Anati ndi kalata yabwino, koma chithunzi si kalata. Iyenera kubwera yokha kuchokera ku Mphenzi, panjira imene inadzera inzake. Pa 30 Juni sinafike. Pa 1 Julaye dzina langa linazimitsidwa mu kompyuta, ndipo ndinabweza jekete yobiriwira imene anandidula pa malipiro a mwezi woyamba.

Kalata yako inafika ku Limbe pa 17 Julaye. Dandaulo linayenda masiku atatu, ndendende monga amalonjezera, ndipo ndikukhulupirira kuti ndicho chinthu chokha chimene Mphenzi inafikitsapo pa nthawi yake. Chikhululuko chinayenda masiku khumi ndi asanu ndi anayi. A Crispin anandiimbira okha. "Bambo Namakhwa, mwayera, dandaulo lachotsedwa. Koma malo anu tinapereka kale. Mukanafulumira."

Amene anapatsidwa malo anga ndi a Happy Malizani a ku Bangwe, alamu awo a Crispin. Ndi bambo wofatsa, wa thupi, amene chibadwire sanalowepo m'munda wa tiyi. Tsiku lawo lachitatu ndinawapeza pakati pa esiteti, petulo atatha, akuyang'ana mizere ya tiyi mbali zonse zinayi. Anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi msewu uwu ndi womwe uja ndadutsa m'mawa?" Ndinawauza kuti inde, ndipo adutsanso madzulo. Pa njinga anali ndi maphukusi khumi ndi anayi, atapereka awiri.

Tinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu n'kukambirana ngati akuluakulu. Mapeto ake ndi awa. A Happy amatenga katundu pa Boma n'kundipatsa ine, iwo n'kukhala pa benchi kumwa tiyi. Ine ndimagawa. Pa K1,000 ija iwo amatengapo K400 chifukwa dzina lili mu kompyuta ndi lawo. Atatha kufotokoza anandigwira paphewa nati ndisadzione ngati wantchito wawo. Ndinawauza kuti mawu otsatirawo ndikuwadziwa, asavutike.

Ndiye njinga ndi yomweyo, msana ndi womwewo, mapiri sanasunthe. Kwangochuluka odya.

Usaope, kwa a Asumani sindikusiyanso kanthu mwini wake asanamve mawu anga. Poti mayunitsi oimbira munthu katatu sindingakwanitse, ndapeza njira ina. M'mawa ndisananyamuke ndimawawerengera amayi maina a pa maphukusi. Iwe, anthu theka la dera lino ali ndi maina awiri, la pakhomo ndi la pa sikelo, ndipo amayi amawadziwa onse. "Ameneyo ndi amake Chikhulupiriro a kumalayini akumunsi, upite m'mawa asanapite kudimba." Maphukusi obwerera achepa. Sabata yatha anandiuza kuti nzeru si yaulere, akufuna paketi ya shuga Loweruka lililonse. Ndinawerengera n'kupeza kuti pa makampani onse amene amadya pa phukusi limodzi, iwo okha ndi amene amadziwa kumene likupita. Ndikulipira.

Zotsala m'thumba pakutha pa sabata sindilemba, alamu angatsamwenso. Tayala ndinagula lakale, lili ndi moyo mpaka mvula yoyamba.

Ukafuna kutumiza kanthu Ogasiti asanafike, sankha kampani iliyonse imene mipando yake yakusangalatsa, tidzakumana pa Boma. Zikadzavuta n'kufuna kudandaula, dzina ndi Happy Malizani. Koma ndi munthu wabwino, ali ndi ana anayi ndi dandaulo limodzi kale. Ndipo ulendo uno kalata ulembe wekha.

Mlongo wako,
Jonas